Mayi Eness NyaGondwe, Amene Tinawafufuta m'Kaundula

Mlendoyo anafika pasiwa ku Mchengautuwa Lachinayi m'mawa, mvula yowaza ya mu Juni isanakate. Anatsika panjinga ya kabaza atanyamula kachikwama kakuda, nadutsa pakati pa azibambo amene ankaotha moto panja osafunsa njira kwa munthu. Anali wamtali, wa zaka zosakwana makumi atatu. Anavula nsapato pakhomo, nagwada pafupi ndi Temwani, mwana wamkazi wa malemu.

"Pepani, achemwali," anatero m'Chichewa cha m'chigawo chapakati. "Thupi asambitsa kale?"

Temwani anapukusa mutu.

"Ndiye ndafika nthawi yabwino. Ndikuthandizani."

"Yewo. Kweni ndinu ndani, mama?"

"Tiyambe taona za amayi. Dzina lidikire."

Temwani analibe mphamvu zofunsanso. Ntchito imene mlendoyo ankaipempha inali ya amayi a bungwe la pa parishi yathu. Tonse tikudziwa mwambo wake: membala akamwalira, anzake amamusambitsa, kumuveka yunifolomu, ndi kumuperekeza kumanda atandanda mizere iwiri akuyimba. Koma uthenga unali utafika kale kuti kwa Mayi Eness NyaGondwe zimenezi sizichitika, pakuti dzina lawo linafufutidwa m'kaundula zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Temwani ankadziwa chimene chinawafufutitsa, ndipo anali atalumbira kuti sadzachinena. Manda anali atakumbidwa, mwambo woyika unali wa masana omwewo.

Tiyeni tiyambe tawadziwa mayi amene tinawachita zimenezi.

Eness anabadwa mu 1953 kumudzi wina wa ku Katete, m'boma la Mzimba, m'banja la alimi. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi ankatungira madzi sisitere amene ankachapa nsalu za paguwa, ndipo atatunga chaka chathunthu anamulola kugwira kansalu kakang'ono kopukutira chikho. Mpaka ukalamba ankati tsiku limenelo ndi limene anakwezedwa pantchito. Sukulu analekeza Sitandade 5 amayi ake atamwalira, kuti alere ang'ono ake atatu. Mu 1973 anabwera ku Mzuzu kudzagwira ntchito ya m'nyumba ku Chibanja, ndipo Loweruka loyamba lenilenilo anafika pa parishi yathu kudzafunsa amene amachapa nsalu.

Pachingwe choyanikira nsaluzo ndi pamene anakumana ndi Boniface Mhango, kalipentala. Boniface anatulutsa benchi lakumbuyo kwenikweni m'tchalitchi, naliika pafupi ndi chingwecho kuti alikonze. Analikonza Loweruka limenelo, nalikonzanso Loweruka lotsatira. Loweruka lachitatu Eness anamufunsa kuti benchilo lathyoka pati, ndipo Boniface anaulula kuti silinathyokepo. Anakwatirana mu Juni 1975, tsiku lozizira kwambiri moti oyimba ankatuluka nthunzi m'kamwa.

Mulungu anawapatsa ana atatu: Ronald, Misheck ndi Temwani. Misheck anamwalira ndi chikuku ali ndi zaka zinayi. Anamuyika Lachiwiri, ndipo Loweruka NyaGondwe anali pampopi wa parishi, maso ali psu, akuchapa. Boniface anatsogola mu 1998. Kuyambira pamenepo ana anaphunzira ndi mandasi amene mayiyu ankagulitsa pafupi ndi depoti ya mabasi. Pochapa sankalola miseche. Mnzawo akayamba ya mwini, ankangoti, "Mama, pochapa nsalu za Ambuye pakamwa napo pazikhala poyera." Ena ankakwiya nazo. Ambiri a ife tinakulira m'tchalitchi muno osafunsapo kuti guwa limayera chifukwa cha ndani.

Mayesero aakulu anabwera mu 2012. Anayamba ndi kupweteka m'munsi mwa mimba, cha kumanzere. Masiku atatu anangomwa panado, akusita nsalu atatsamira tebulo. Lamulungu m'mawa analephera kudzuka. Thupi linali moto, mimba itauma gwa ngati thabwa. Temwani, amene anali atangoyamba uphunzitsi, anawathamangitsira kuchipatala chachikulu.

Dokotala atawayeza anatenga pepala najambula matumbo. "Matendawa timawatchula dayivetikulaitisi," anatero. "Munthu akamakula, matumbo aakulu amatha kutuluka timatumba ting'onoting'ono m'mbali. Kamodzi katupa, kachita mafinya, ndipo kaphulika. Mukanabwera kasanaphulike tikanayesa mankhwala a m'diripu, mwinanso kachubu kotulutsira mafinya. Pano chimbudzi chatayikira m'mimba. Tiyenera kung'amba lero lomwe."

"Akhala moyo?" anafunsa Temwani.

"Tikachedwa, ayi. Tidula mbali yowolayo, ndipo pamenepo njira zilipo ziwiri. Titha kulumikiza nsonga ziwirizo pompo. Koma m'mimba muli uve wambiri ndipo amayi afooka, msoko utha kuphwasuka, ndipo ukaphwasuka ambiri sitiwapulumutsa. Njira ina ndi yotseka nsonga ya m'munsi, ya kumtunda n'kuitulutsira pamimba apa, chimbudzi chizigwera m'thumba. Akapeza mphamvu, pakatha miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka, tidzachita opaleshoni yachiwiri yolumikiza."

Temwani anayamba kulira. Amayi ake, amene ankaoneka ngati sakumva, anatsegula maso.

"Adokotala, ndi thumbalo munthu amatha kugwada?"

"Amatha."

"Nanga kuchapa?"

"Bala likapola."

"Basi ikani thumba."

Opaleshoni inatenga maola anayi. Bala linachita mafinya, nagona m'wodi masabata atatu, koma anatuluka amoyo. Tsiku lotuluka anagwira dzanja la Temwani. Anali atamva m'wodimo za mayi wina wogulitsa masamba amene makasitomala anamuthawa atadziwa za thumba lake.

"Mwana wane, akadziwa andilanda nsalu. Ati manja anga ndi odetsedwa. Lumbira kuti sudzanena, ndili moyo ngakhale nditafa."

Temwani analumbira. Ronald yekha, amene amakhala ku Karonga, ndi amene anauzidwa.

Tsono mvetserani, inu nonse amene munkanong'onezana m'mabenchi. Lamba wa yunifolomu ndi mfundo ya chitenje chake zimadutsa pamalo enieni pamene panali thumba. Anayesa kamodzi, ndipo anabwerera pachipata cha tchalitchi magazi akudontha. Ndi chifukwa chake tinkawaona m'diresi lotaya ndi jekete lalikulu la malemu amuna awo. Nyemba ndi kabichi zinkatupitsa thumba ndi mpweya, ndi chifukwa chake sankadya nafe pazikondwerero. Thumba silidikira kuti ulaliki uthe, ndi chifukwa chake anasamukira pabenchi lakumbuyo pafupi ndi chitseko, lomwe lija la Boniface. Ndipo Lachinayi, tsiku la msonkhano wa amayi, ndi limene odwala a maopaleshoni amaonedwa kuchipatala. Ankapita kukatenga matumba, koma ankakhala tsiku lonse, pakuti kumeneko kunali anthu amene anadzuka patebulo n'kupeza matumbo ali panja, akulakalaka imfa. NyaGondwe ankakhala m'mphepete mwa bedi, n'kutukula jekete pang'ono. "Taonani, nane ndili nalo, ndipo ndabwera wapansi kuchokera ku Mchengautuwa." Ankawaphunzitsa kutsuka khungu ndi kusintha thumba. Matumba akasowa ankawaonetsa kapangidwe ka lawo ndi pepala la shuga ndi pulasitala, nawasokera malamba ofewa kuchokera ku malaya akale a Boniface.

Chaka chotsatira kunabwera madokotala alendo kwa sabata imodzi, ndipo dzina la NyaGondwe linali pamndandanda wa olumikizidwa. Temwani anawaperekeza ndi bulangete ndi beseni, mtima uli m'mwamba. Mawa lake pobwera kusukulu anawapeza pakhomo akusenda chinangwa.

"Amama, mwabwerako? Opaleshoni ija?"

"Malo atha."

"Atha bwanji, dzina lanu lili papepala? Ndikupita komweko."

"Ukapita, usadzanditchulenso amama. Khala pansi, chinangwa ichi."

Mwayi wina sunabwere msanga. Pamene unabwera, patatha zaka zitatu, mtima unali utafooka ndipo pambali pa thumba panali patatuluka chotupa. Madokotala anati kulumikiza tsopano kungawaphe. Thumba la miyezi isanu ndi umodzi analinyamula zaka khumi ndi ziwiri.

Pa nthawiyo bungwe la amayi linali ndi wapampando watsopano, Mayi Daisy Chimutu, akazi a Bambo Herbert Chimutu amene boma linawasamutsa kuchokera ku Dedza mu 2012. Chilungamo chinenedwe, anali mayi wakhama. Anakonza kaundula, anagula miphika yatsopano, ndipo mwezi wa Meyi uliwonse ankalembetsa Misa yopempherera mwana wawo Peggy, amene ankati ali ku Joni. Koma ankakonda mzere wowongoka kuposa anthu oyima pamzerepo. Mu 2015 anaitanitsa NyaGondwe pamaso pa komiti.

"Mayi Mhango, yunifolomu simuvala. Lachinayi simubwera. Chakudya chathu simudya. Kodi ife tikununkha?"

"Ayi, amama."

"Ndiye Lachinayi mumapita kuti?"

"Kuona odwala."

"Odwala timaona pamodzi, pandondomeko. Anthu akuti muli ndi mpingo wina."

"Mpingo wanga ndi uno."

"Ndiye valani yunifolomu Lachinayi likubwerali."

NyaGondwe anayang'ana wapampandoyo nthawi yaitali, ngati munthu amene ali ndi mawu pakamwa, kenako anawerama. "Sinditha, amama. Mundikhululukire."

Dzina linafufutidwa tsiku lomwelo, ndipo zinamveka kuti wosakhala membala asagwirenso nsalu za paguwa. Chimene anabisira thumba kuti asalandidwe, tinawalanda ndithu. Anazibweretsa Loweruka zitasitidwa, atazikulunga m'chitenje chatsopano. Anapereka kansalu kopukutira chikho pakokha. "Aka musamakapotokole, kamang'ambika pakona," anatero, napita kukagwada pabenchi lawo.

Zaka makumi anayi ndi ziwiri za pampopi zinathera pamenepo, ndipo palibe mmodzi wa ife anaimirira kufunsa. Tinati ndi onyada. Tinati akalamba nzeru. Ena ananena zoipa kuposa izi, zimene pepala la parishi silingasindikize. Amayi amene anawalandirira ana awo paubatizo ankasendera akakhala nawo pafupi. Temwani ankabwera ku Misa nsagwada zili gwa, ndipo kangapo anawapempha atagwada kuti amumasule pa lumbiro lija. Iwo ankangoti, "Chiuta ali ndi kaundula wake, ndipo salemba ndi pensulo." Sanaphonye Misa. Sanaphonye Lachinayi lawo mpaka miyendo inakana mwezi wa Epulo chaka chino.

Lolemba la sabata yawo yomaliza abambo mfumu anawabweretsera Ukaristia. Lachitatu masana anapempha kuti awatulutse pakhonde. Anafunda jekete lija, kolona m'manja, akuyang'ana nkhungu ikutsika m'mitengo. "Temwani, kuzizira kwa lero kwafanana ndi kwa tsiku la ukwati wathu," anatero akumwetulira. Temwani analowa kukawatengera tiyi. Pobwera anapeza chala chili pamkanda wa kolona, mutu utatsamira khoma, atapita. Anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza chimodzi.

Tibwerere tsopano ku Lachinayi lija. Mlendo anali atalowa kuchipinda kumene kunali thupi, akukonza madzi ndi sopo, pamene Mayi Chimutu anafika ndi wachiwiri wawo, Mayi Elizabeth Kumwenda. Onse anali m'zitenje wamba, ndipo wapampando anali ndi kaundula kukhwapa.

"Pepani, Temwani. Tabwera ngati oyandikana nawo. Za yunifolomu mukudziwa kale, lamulo sitinalipange lero."

"Anakuchapirani guwa zaka makumi anayi," anatero Temwani.

"Sitikukana. Koma tikaphwanya kwa mmodzi, mawa aliyense azichita zake. Bukhu ili likuonetsa kuti anatisiya okha."

Temwani anakumbukira mawu amene anawameza zaka khumi ndi ziwiri. Akanawanena, akanaphwanya chinthu chokhacho chimene amayi ake anamupempha. Akanakhala chete, akanawayika ngati munthu wothawa mpingo. Anagwira mphasa ndi manja onse awiri.

Nsalu ya pakhomo la chipinda inatukuka, ndipo mlendo anatuluka manja ali onyowa. Kaundula anapulumuka kukhwapa kwa Mayi Chimutu nagwa pansi. Sanawerame kuti amutole.

"Achemwali analumbira," anatero mlendoyo. "Ine malemu anandiuza kuti ndikhale chete iwo ali moyo basi. Nthawi yanga yatha dzulo."

Anakoka bulawuzi pang'ono. Kumanja kwa mchombo kunali chipsera chobulungira ngati pakamwa pa kapu.

"Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, kusukulu yogonera konko. Tayifodi inandiboola matumbo, nandiika thumba. Akwathu anabwera kuchipatala kawiri. Kachiwiriko anaima pakhomo la wodi atatseka mphuno ndi mpango. Nditatuluka anandisunga m'kanyumba ka kuseri, anthu n'kuuzidwa kuti ndinachoka. Langa linali la matumbo aang'ono, lotulutsa madzi okhaokha, moti ndinauma ngati nkhuni, khungu litasupuka. Anandibwezera kuwodi. Amene ankanditsuka Lachinayi lililonse ndi amayi agona umu. Nawonso anali nalo thumba, kumanzere, pamene lamba wanu amadutsa."

Mayi Kumwenda anagwira pakamwa.

"Madokotala alendo atabwera, mndandanda unali utadzaza kale. Ine ndinalibepo. Amayiwa anali pabedi loyandikana ndi langa, atawaletsa kale chakudya. Anaitana dokotala wamkulu. Anati, 'Ine ndinakwatiwa, ndinabereka, ndinavina. Uyu sanayambe. Mulembeni pamalo panga.' Dokotala anawachenjeza kuti mwayi wina mwina sudzapezeka. Anati amva. Anapinda bulangete lawo napita."

Temwani anaona chinangwa chija, ndi mpeni m'manja mwa amayi ake. Anafuna kukwiya, koma sanadziwe kuti akwiyire ndani.

"Nditachira sindinabwerere kwathu. Ndinapita kwa azakhali ku Lilongwe, ndipo pano ndine namwino m'wodi ya maopaleshoni. Amayi agona umuwa anandipempha zinthu ziwiri, kukhala chete ndi kukhululukira amene anandibereka. Chachiwiricho ndikulimbana nachobe." Anayang'ana khoma, osati munthu. "Ankadziwa bwino lomwe kuti ndine mwana wa ndani. Tsiku limene munawafufuta m'bukhu ankadziwa."

Mayi Chimutu anakhala pansi pamene anaimapo, pasimenti.

Temwani anadzuka. Anapita pakhomo la chipinda natukula nsalu yonse. "Ine sindinena kanthu," anatero. "Kusambitsa membala ndi ntchito yanu, amama. Madzi akuzizira."

Mayi Kumwenda ndi amene analowa. Anakhalamo nthawi yaitali, ndipo potuluka nkhope inali yonyowa. "Tinadya nawo mchere zaka zonsezi, ife osaona," anatero. "Ntchito yathu inali kuwerenga malamba." Sanapemphe chilolezo kwa wina aliyense. Anatuma uthenga m'miphakati yonse ya parishi kuti mayi aliyense abwerere kwawo akavale yunifolomu.

Yunifolomu ya NyaGondwe anaipeza pansi penipeni pa bokosi limene Boniface anawakhomera, itasitidwa, yopanda ngakhale kadontho. Temwani sankadziwa kuti ankaisita chaka ndi chaka. Powaveka, mlendo uja anatseka malo a thumba ndi nsalu yoyera mwaluso la ntchito yake, ndipo Mayi Kumwenda anamanga lamba momasuka, zala ziwiri zikulowa.

Masana amenewo mizere iwiri inayambira pakhomo mpaka pamsewu wa tala. Kumbuyo kwake kunabwera anthu amene sitinawaitane: bambo wina wa ku Rumphi, amayi awiri a ku Nkhata Bay, mphunzitsi wopuma wa ku Chibanja, ndi ena oposa khumi, ambiri m'malaya otaya. Anali odwala aja a kuchipatala, ndipo anamva kwa anamwino a Lachinayi.

Tinayimba bwino, ndipo tisadzitame nazo. Ulemu umene tinaupereka kubokosi ankaufuna mayi wamoyo pabenchi lakumbuyo. Iwo anatisiyira chitsanzo cha munthu amene anapereka thupi lake lomwe osalemba dzina pansi. Ife tatsala ndi funso la Lamulungu likubwerali: amene wakhala pafupi ndi chitseko, amene sakudya nafe, amene wavala zosayenera, wanyamula chiyani pansi pa jekete? Benchi lija lilipobe. Silinathyokepo.

Kumanda, manda atakwiriridwa, Bambo Winston Jere amene ankayendetsa mwambo anayamba kuitana oyala nkhata, aliyense ndi dzina lake monga timachitira. Ronald ndi Temwani anayala. Adzukulu anayala. Ya bungwe la amayi inayenera kuyalidwa ndi wapampando, koma Mayi Chimutu anaima kumapeto kwa mzere manja ali lende, ndipo anaiyala Mayi Kumwenda. Panatsala nkhata imodzi yaing'ono ya maluwa oyera, m'manja mwa mlendo.

"Mama, nkhata siyalidwa popanda dzina," anatero Bambo Jere atatsitsa maikolofoni. "Tinene kuti ndani?"

Mlendoyo anayang'ana Temwani, kenako anayang'ana kumapeto kwa mzere. Anatenga maikolofoni yekha.

"Dzina langa mumalimva pa Misa mwezi wa Meyi uliwonse. Ku Joni sindinapondeko. Ndine Peggy Chimutu."